Chikho cha Kansobe Chinalowera Kuti?

Kansobe, Luwingu
12 Meyi 1987

Achimwene a Katongo,

Landirani moni wochokera kuno kumudzi. Ndikhulupirira munafika bwino ku Kitwe ndipo ntchito ya kumgodi ikuyenda. Alamu anga ndi ana muwapatse moni. Kuno tilipo. Amayi ayamba kudya pang'ono, koma akamva mpira ukugunda kubwalo amalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Yakwana miyezi iwiri chiikireni bambo m'manda, koma kwa iwo ndi dzulodzuloli. Mukapeza kangachepe muwagulire juzi, chisanu chayamba msanga chaka chino.

Chimene ndalembera ndi ichi. Lamlungu komiti ya timu inakumana koyamba popanda bambo. Anasankha amuna anga, alamu anu a Chomba, kuti azisunga katundu wa timu, poti ndi amene ankawanyamulira bambo chikwama zaka zonsezi. Tinatulutsa zonse: mipira iwiri, pampu, wezulo, ndi ukonde wa pagolo wong'ambika uja. Chikho sitinachione. Pamwamba pa kabati pamene chinkakhala pangotsala malo ozungulira opanda fumbi.

Ine ndinawauza anthu kuti asade nkhawa, mwina achimwene anapita nacho ku Kitwe kukadyera nacho matama kwa anzawo, adziwe kuti nafenso kutchire kuno mpira timautha. Anthu anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngati zili choncho, chibwezeni msanga. Lamulo la a Kapembwa a sitolo, eni mpikisano, mukulidziwa: chikho chimabwerera patebulo tsiku la ndime yomaliza, ndipo timu yochitenga zaka zitatu zotsatizana imachisunga mpaka kalekale. Ife tachitenga kawiri. Anyamata akuti chaka chino asewerera bambo.

Mlongo wanu,
Mwaba


Wusakile, Kitwe
2 Juni 1987

Mwaba mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa amayi, kwa alamu ndi kwa ana ako awiriwo, Lombe ndi Nsofwa. Kuno tili bwino, kungoti zinthu zakwera mtengo moti munthu umalowa m'sitolo kukangopereka moni.

Juzi ya amayi ndapatsira dalaivala wa lole ya nsomba. Pali katundu winanso, ukamamasula ukhale pansi kaye: majezi khumi ndi asanu, ofiira, atsopano, a manambala kumsana. Anyamata aleke kulowa m'bwalo wina malaya a kutchalitchi wina vesiti, ngati anthu othawa moto.

Za chikhozo usataye nazo tulo. Pamaliro zinthu zimasokonekera, anthu anali ambiri, uyu kusuntha ichi, uyo kusuntha icho. Ine kuno ndilibe. Chachikulu n'kupambana basi. Tikachitenga kachitatu chikhala chathu, ndipo chinthu chako palibe amene amakufunsa kuti wachiika pati.

Ndiuze, pagolo ali ndani chaka chino? Mutale bondo lija linapola? Tiyamba ndi timu iti? Masewero aliwonse akatha uzindilembera tsiku lomwelo, usamadikire kuti nkhani zichuluke.

Ndine mchimwene wako,
Katongo


Kansobe
6 Julayi 1987

Achimwene,

Moni. Amayi juzi anailandira ndipo saivula. Akuti Mulungu akuonjezereni.

Majezi aja agwedeza mudzi. Tsiku limene anyamata anawavala, azimayi anavula zitenje n'kuziyala pansi kuti adutsepo. Tinawachinya a ku misheni zitatu kwa duu, kenako a kampu ya misewu chimodzi kwa duu, cha Mutale, cha mutu. Dzina lanu lili pakamwa pa aliyense. Akuti Katongo ndi mwana wa bambo ake weniweni, ali kutali koma mtima uli pabwalo. Ndinanyada, sindinama.

Koma kuli nkhani yoipa. Nditawawerengera a komiti mawu anu akuti chikho mulibe, anangoyang'anana. Sabata isanathe mphekesera inali itayenda: akuti tsiku la maliro wina anaona a Chomba akutuluka kuseri kwa nyumba atasenza thumba. N'zoona anasenza thumba, munali mbale zobwereka kusukulu. Koma mukudziwa kuti kwawo ndi ku Mwelushi, ndipo a Mwelushi ndi amene tinawaliza mu ndime yomaliza zaka ziwiri zonsezi. Anthu akuti mkamwini wapititsa chikho kwa abale ake kuti akachichitire mankhwala.

Zaka khumi ndi chimodzi munthuyu wakhala m'mudzi muno. Golo la kumpoto lija anakadula mitengo yake ndi iye. Loweruka ali pambali pa bwalo ndi ndowa ya madzi a osewera, anyamata a kuseri kwa golo anayambitsa nyimbo:

Mkamwini, mkamwini,
m'thumba muja munali chiyani?

Azimayi ena anavomera, mpaka kuomba m'manja. A Chomba anangotsitsa ndowa pansi n'kupitiriza kuonera mpira. Pobwerera ndinati, "Bashi Lombe, bwanji osawayankha?" Iwo anati, "Ndiyankhe nyimbo? Ndiyankhe ndi chiyani, ng'oma?"

Achimwene, yesani kukumbukira. Inu munali m'nyumba nthawi yaitali tsiku lija. Ndani analowa kuchipinda kwa bambo?

Mwaba


Kansobe
3 Ogasiti 1987

Achimwene,

Moni, ngati mulipo. Mwezi wathunthu popanda yankho lanu. Mwadwala kodi? Kapena mwakwiya kuti ndikukuvutitsani ndi za kumudzi?

Munati ndizikuuzani zotsatira, ndiye imvani: talowa mu ndime yomaliza. A Mwelushi nawonso alowa. Tidzakumana pa 19 Sepitembala, pabwalo lathu lino. A Kapembwa atumiza uthenga kuti chikho chikhale patebulo tsikulo, chopukutidwa, ndipo sakufuna kumva nthano.

Lachitatu lapitali a komiti anabwera kwathu asanu. Anati angocheza. Kuchezako anatulutsa katundu yense pabwalo, anasolola udzu wa denga, anakhuthula ufa wa chinangwa pa mphasa, mpaka anakumba pansi pa bedi lathu ndi khasu. Mudzi wonse unaima pampanda kuonerera. Zovala zanga zamkati zinali pamtunda pa mulu, anthu onse akuona. Nsofwa ankalira. A Chomba ndi amene ankawanyamulira mipando okha, akuti, "Apa simunaonepo, alamu, onaninso apa." Atalephera, a komitiwo anatenga mipira ndi pampu n'kumapita, osapepesa.

Lombe wakana kupita kusukulu. Anzake akumuyimbira nyimbo ija.

Ndilibe wina womudandaulira. Amayi sindikufuna kuwalemetsa. Inu anthu amakumverani tsopano, lembani kalata ku komiti muwauze kuti alamu anu si wakuba. Mawu awiri okha akwana.

Mwaba


Wusakile, Kitwe
20 Ogasiti 1987

Mwaba,

Moni. Sindikudwala. Makalata ako onse awiri ndinalandira, ndipo iyi ndi yachinayi imene ndayamba kulemba, zitatu ndinang'amba. Uiwerenge uli wekha.

Chikho chili ndi bambo. Ndinachiika m'bokosi ndine.

M'mawa wa tsiku loika maliro, akuluakulu atatha kusambitsa thupi, anatuluka kukaitana akalipentala kuti adzakhome. Ndinatsala ndekha m'chipinda. Ndinayang'ana pa kabati, ndinayang'ana bambo, ndipo manja anachita okha. Ndinachilowetsa kumapazi, pansi pa bulangete. Amene ananyamula bokosi sanamve kanthu.

Usandifunse ngati ndinaganiza. Ndinaganiza, koma za ine ndekha. Ukudziwa kuti bambo sanandikhululukire pamene ndinasiya golo la Kansobe kupita kumgodi. Chaka choyamba chimene tinatenga chikho anandilembera kuti ndibwere ndidzaonere ndime yomaliza. Ndinayankha kuti kuno Loweruka lomwelo kuli mpira weniweni, wa musitediyamu, osati wothamangitsana ndi mbuzi. Mawu amenewo ndinalemba ndi dzanja langa. Chaka chachiwiri sanandiitanenso. Ndiye m'chipinda muja ndinati, munthuyu sindinamupatseko kanthu kokondweretsa moyo wake wonse, apite nacho chokhacho chimene ankachikonda. Ndinadziuza kuti chikho chatsala pang'ono kukhala chathu, anyamata awina kachitatu, palibe amene adzatayepo kanthu. Zoti ngakhale owina amayenera kuchilandira m'manja, anthu akuona, ndinazikumbukira ndili m'basi, titadutsa kale Mansa.

Majezi aja sanali chikondi ayi. Anali mantha. Anthu akamanditama ine ndimafuna kulowa pansi.

Za alamu zikundidya. Ndimalowa mumgodi ndili nazo, ndimatuluka nazo. Koma taganiza, Mwaba. Amayi akamva kuti ndinakwirira mwamuna wawo ndi chitsulo kumapazi, mtima wawo upirira? Nanga a komiti akati tifukule? Nanga anyamata akasweka mtima masewero asanachitike? Ndikupempha, gwira pakamwa mpaka pa 19. Tikawina, mkwiyo udzachepa, ndipo ndidzafotokoza ndekha. Ndagula chikho china kuno, chibwera ndi lole yomwe ija. Mwina a Kapembwa akhoza kuchilandira.

Ndikhululukire.
Katongo


Kansobe
2 Sepitembala 1987

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anatilera choncho.

Kalata yanu anakaitenga kusukulu ndi a Chomba. Anandipatsa m'manja, nakhala pa mtondo kudikira kuti ndiwerenge. Nditamaliza anafunsa, "Alamu anenapo za chikho?" Ine ndinapinda kalatayo n'kuti, "Ayi, angopereka moni." Anagwedeza mutu, natenga nkhwangwa kupita kumunda. Chikwatiwireni ndinali ndisanawanamizepo nkhani yaikulu. Mwandiphunzitsa inu.

Chikho chanu chogulacho chafika. Munachiyang'ana musanalipire? N'chachifupi ngati kapu ya tiyi ya abusa, ndipo pamwamba pali kamunthu konyamula chibonga cha masewero a azungu aja. Chathu chija chili ndi mayina a matimu onse amene anachitenga, chili ndi malo opindika pamene chinagwa pa lole chaka chatha. Mwana wa zaka zisanu akhoza kusiyanitsa. Ndachibisa pansi pa dengu la nyemba.

Mukuti munawapatsa bambo chimene ankachikonda. Chinali chanu kuti mupereke? Inu kunalibe, ndiye simudziwa. Tikawina, bambo sankalola chikho kugona kwathu mpaka chitazungulira nyumba za osewera onse. Chinkagona tsiku limodzi kwa mayi wa mnyamata aliyense. Mayiyo ankazira nyumba, kufulula munkoyo, anansi n'kubwera kudzamwera m'chikhomo mmodzimmodzi. Amayi ake a Mutale, amene sanalandirepo mlendo wa nsapato m'nyumba mwawo, tsiku limenelo analandira aphunzitsi onse ndi a katekisiti. Chaka chino mu timu muli anyamata anayi atsopano. Amayi awo ayamba kale kuviika chimanga.

Ndikukalipa choncho, koma ine ndasiyana nanu pati? Kawiri ndatsegula pakamwa kuti ndiwauze a Chomba, kawiri ndatseka. Ndimati ndikuteteza amayi. Zoona zake n'zakuti ndikapita kuchitsime azimayi amandinena za mwamuna wanga koma amandisirira za mchimwene wanga, ndipo ndikuopa kutsala wopanda chilichonse. Ndimawapatsa madzi osamba osawayang'ana kumaso. Dzulo anandiuza kuti, "Usadandaule, Bana Lombe, chinthu chachitsulo sichiwola, chidzapezeka." Ndinathawira kuseri kwa nyumba.

Bwerani. Musatumize kanthu, bwerani inuyo pa 19 pasanafike, mudzanene ndi pakamwa panu.

Mwaba


Wusakile, Kitwe
10 Sepitembala 1987

Mwaba,

Moni kwa onse. Ndamva. Tchuthi chavuta, anthu achepa pa shifiti yathu ndipo kapitao sakulola. Ndiyesabe. Ukapanda kundiona, pirira masiku ochepa atsalawa. Uwauze anyamata asaope mapiko a Mwelushi, amathamanga koma kumbuyo kwawo n'kofooka.

Katongo


Kansobe
21 Sepitembala 1987

Achimwene,

Moni. Munkafuna zotsatira tsiku lomwelo, pepani ndachedwa masiku awiri.

Tinawina. Ziwiri kwa chimodzi. Chikho ndi chathu mpaka kalekale, monga momwe munawerengera.

Basi ya Lachisanu ndinakaidikira kumsewu mpaka inadutsa. Loweruka anthu anadzaza bwalo, ena pa ziulu, ena m'mitengo. A Mwelushi anabwera pa malole awiri ndi ng'oma zawo. Pakati pa mzere panali tebulo loyalidwa nsalu yoyera ya ku tchalitchi, pamwamba popanda kanthu. A Kapembwa anakhala kuseri kwa tebulolo atavala suti, nkhope ili gwa. A komiti anawanyengerera kuti mpira uyambe, chikho chikubwera. Amayi anabwera koyamba chimwalirireni bambo. A Chomba ndinawaletsa kubwera koma anakana, akuti, "Ndikakhala kunyumba adzati ndathawa." Anaima okha pafupi ndi kona.

Za mpirawo sindinaone zambiri. Ndinamva kuti Mutale anagoletsa chachiwiri kutatsala pang'ono kutha. Wezulo italira anyamata anathamanga kupita kutebulo monga amachitira chaka chilichonse, atafika n'kungoima. Mutale anali atatambasula kale manja. A Kapembwa anaimirira n'kufunsa, "Ndipereke chiyani, nsaluyi?"

Pamenepo wina anakuwa kuti, "Mufunseni mkamwini!" Gulu lonse linatembenukira kukona. Nyimbo ija inayamba, koma ulendo uno sinali yoseka. Anawagwira a Chomba malaya, kuwakokera kutebulo. Abale awo a ku Mwelushi ataona anatsika pa malole atatola miyala. Wina anawamenya a Chomba pakamwa. Lombe anali atagwira chitenje changa, akuona zonse.

Sindikudziwa mmene ndinakwerera patebulopo. Ndinaponda nsalu ya tchalitchi ndi mapazi a fumbi, ndinakuwa kuti, "Musiyeni! Chikho chili m'manda ndi bambo! Anaikamo ndi Katongo, kalata ndili nayo!"

A Sampa a komiti anandilanda kalata ija m'manja n'kuiwerenga mokweza, yonse, mpaka za mpira wothamangitsana ndi mbuzi, mpaka za majezi. Anyamata anali atavala majezi omwewo. Mmodzi anavula yake n'kuiika patebulo, enanso anatsatira. Kenako a Sampa anawerenga deti la pamwamba pa kalata. Anawerenga kawiri. Mayi wina kumbuyo anati, "Ndiye mkaziyu wakhala akudziwa kuyambira mwezi watha?"

Ndinayang'ana a Chomba. Magazi ankatsika pachibwano, koma sanapukute. Ankangondiyang'ana.

Wina anayamba za makasu. Amayi anadzuka pa mphasa pawo, anayenda mpaka kutsogolo, nati, "Mwamuna wanga palibe amene amufukule. Wofuna chikho adikire tsiku langa, mudzachitenge pokumba panga pambali pake." A Kapembwa anapinda nsalu, nati mpikisano wawo wathera pomwepa, sangagulire chikho anthu okwirira zikho. A Mwelushi anakwera malole awo osaimba. Ife owinafe tinabalalika mmodzimmodzi ngati tikuchokera kumanda. Munkoyo wa amayi anayi aja wangosasa m'mitsuko.

Amayi sanakutukwaneni. Nditawauza kuti munati tchuthi chavuta, angofunsa kamodzi kuti, "Tchuthicho anapemphadi?" Yankhani nokha.

A Chomba sanalankhule nane mawu oipa. Lamlungu m'mawa anamanga zovala zawo m'chitenje, anasisita ana kumutu, n'kupita ku Mwelushi wapansi. Ndinawatsatira mpaka kumtsinje ndikupepesa. Anangoti, "Bwerera, ana ali okha."

Mwaba


Mwelushi
18 Okutobala 1987

Alamu a Katongo,

Moni. Ndikhulupirira banja lili bwino. Ine ndilipo, mlomo unapola, dzino limodzi ndi limene linapita.

Kalata yanu yandipeza. Masamba asanu ndi limodzi, ndawerenga onse. Mwavomera kuti tchuthi simunapemphe n'komwe. Zikomo ponena zoona, ngakhale zafika mochedwa. Ine si munthu wa zolemba zambiri, ndiye ndinena mwachidule.

Zoika chikho m'bokosi sindikukuimbani nazo mlandu kwambiri. Munthu akamalira amachita zopusa. Bambo aja ndinawakonda inenso, ndinawanyamulira chikwama zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mukanandinong'oneza tsiku lija mwina ndikanakugwirirani bulangetelo. Tikanapita tonse kwa a Kapembwa n'kukagwada. Akanatikalipira, anthu akanatiseka mwezi umodzi, zikanatha. Koma inu munaona kuti pali munthu woti asenze katunduyu, munthu wobwera, ndipo munamusiya asenze.

A komiti anabwera kuno ndi mbuzi kudzapepesa. Ndinailandira, sindine mwana. A Sampa analira. Abale anga kuno akundiseka kuti ndinakhala zaka zonsezi ndikuchemerera adani, malipiro ake ndi dzino. Sindikuwatsutsa. Chochititsa manyazi n'chakuti Mutale atagoletsa chachiwiri chija ndinalumpha, ndili ndekha pakona paja. Mpaka lero ndikamva kuti Kansobe ndimati kwathu.

Mlongo wanu wabwera kuno kawiri. Ndimamufuna, ndipo ana anga ndimawalota. Koma ndikamuyang'ana ndimaona munthu akupinda kalata n'kunena kuti angopereka moni. Ndikudziwa kuti anapanikizika pakati pa mwamuna ndi mchimwene. Ndikudziwanso kuti pamapeto pake iye anakwera patebulo, anthu onse akuona, nadzivula ulemu kuti ine ndisaphedwe. Panopa kuchitsime amatunga yekha, anzake amadikira achoke. Manyazi a nyumba yonse ali pamutu pa iye, pomwe mwini wake muli ku Kitwe mukulemba masamba asanu ndi limodzi.

Mwati mukufuna kubwera kuno ku Mwelushi kudzandigwadira. Musabwere kuno. Kuno palibe amene ananditcha wakuba. Mwatinso mutumiza njinga ya Lombe. Musatumize. Mwatumiza zokwanira chaka chino.

Anyamata akumakumanabe pabwalo Loweruka lililonse, ngakhale palibe chosewerera. Kwerani basi, mutsike pa Kansobe masana, anthu akuona. Mukaime pakati pa bwalo pamene anandiimbira nyimbo, mlongo wanu ali pambali panu, amayi anu ali pomwepo, amayi a anyamata anayi aja alinso pomwepo. Mukanene nokha zimene munachita, osawerenga papepala. Akakutukwanani mukaime. Akaimba mukaimebe, ine ndinaima miyezi itatu.

Tsiku limene ndidzamve kuti mwaima pabwalopo, ndidzamanga chitenje changa n'kubwerera kwa mkazi wanga. Mukaona kuti tchuthi chavutanso, palibe kanthu. Mudzangolemba kalata ina, poti kulemba mumatha, mudzawafotokozere Lombe ndi Nsofwa chifukwa chake bambo awo amakhala ku Mwelushi.

Ndine mlamu wanu,
Chomba